Phokoso Lisanafike

Musandifunse mayina a midzi. Ine midzi sindiidziwa ndi mayina, ndimaidziwa ndi phokoso lake. Uwu ndi wa chitsulo cha sukulu, uwo ndi wa hutala ya lole, winawo wa achule. Zakanso musandifunse. Ndikazikumbukira zimabwera ngati maloto a masana, aja umalota uli chikhalire pakhonde: msewu ndi womwewo, fumbi lomwelo, koma mwana amene wamugwira dzanja wasintha.

Ndinabereka atatu: Msatero, Enifa ndi Jenala. Nkhani yonse ndi yakuti ndinkafuna atsaleko mmodzi.

Mudzi woyamba unali kwawo kwa bambo wa anawo, kumene ananditengera chitengwa. Apongozi anga aakazi anali mayi wa nkhuku zambiri ndi mawu ambiri. Pa nsonga ya chitenje chawo ankamangapo timapiritsi tofiirira ta kuthamanga kwa magazi, tomwe ankakatenga pawindo la chipatala chapafupi, ndipo akakwiya ankatimasula pamaso pa anthu kuti tonse tione mmene tawadwalitsira. Kamwanapiye kakakomoka, ankakavundikira ndi beseni n'kumamenya pamwamba ndi ndodo mpaka kadzuke. Munthu akakomoka ankachita chimodzimodzi, koma ndi khasu. Ankaligulula pampini, kuliika pafupi ndi khutu la wokomokayo, n'kumaliimba ndi mwala. Mudzi wonse unkatero. Nanenso kwathu ndinakula ndikuona zomwezo.

Msatero anagwa koyamba tsiku limene aphunzitsi anamenya chitsulo iye ataima pansi pa mtengo umene chinapachikidwapo, atayang'ana kwina. Anagwa ngati thumba, anagwedeza miyendo pang'ono, kenako anadzuka yekha n'kufunsa kuti pensulo yake ili kuti. Anthu anati ndi khunyu. Anzake anauzidwa kuti asamadye naye mbale imodzi. Ndinapita naye pawindo lomwe lija, ndipo anatipatsa mankhwala a khunyu, amene ntchito yake inali kumugonetsa basi.

Kachiwiri ndinali kuchigayo. Pobwera, dengu la ufa lili pamutu, ndinamva khasu likulira kutali. Ngwe, ngwe, ngwe. Ndinadziwa kuti kwakomoka munthu, sindinadziwe kuti ndi wanga. Mlamu wanga anadzandiuza pambuyo pake kuti mwanayo anali atayamba kale kutsegula maso, akupuma bwinobwino, pamene agogo ake anafika ndi khasu. Ataliimba pakhutu anadzidzimuka kamodzi, maso n'kutembenuka. Iwo anapitiriza kuimba mpaka mwala unasweka.

"Tachita zonse," anatero apongozi.

"Mwachitadi," ndinatero ine.

Pamaliro anayamba kunong'ona kuti kubanja kwawo kulibe wogwa, ndiye kuti zachokera m'mimba mwa mtengwa. Ndinauza mwamuna wanga kuti ine ndikupita, asankhe kutsatira ine kapena nkhuku. Anatsatira, akung'ung'udza njira yonse.

Tinatsikira kuchigwa chotentha kumene dothi limatuwa ndi mchere. Ndinkafuna malo opanda sukulu, opanda tchalitchi cha belu, ndipo ndinawapeza. Kunali zii moti unkamva mbuzi ikubzikula kuseri kwa nyumba. Mayi wina wa diso limodzi anandiphunzitsa ntchito ya mchere: kupala dothi, kulithira m'dengu loyalamo udzu, kuthira madzi pamwamba, kudikira kuti adonthe, kenako kuwiritsa mpaka mphika uyere. Dengu likathina mabowo madzi amachedwa, likatayana amatuluka ndi matope. Ndinaphunzira msanga chifukwa nthawi yophunzira pang'onopang'ono ndinalibe. Ogula ankachenjezana okhaokha za ine kuti kwa mayi uyo osapitako ndi nkhani zambiri, samwetulira mpaka matumba atakwera.

Enifa anakula bwino kumeneko. Anali mwana woseka, wokonda kugona masana pamthunzi wa bwemba, mwendo umodzi uli kunja kwa mphasa. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndagula mtendere. Kenako msewu anaulambula, ndipo lole ya ogula mchere inafika mpaka m'mudzi kwa nthawi yoyamba. Dalaivala anaima pafupi ndi bwemba n'kuimba hutala kuti tituluke ndi matumba. Ine ndinali pamoto, chipande chili m'manja. Ndinaona Enifa akudzuka theka, ngati waitanidwa, kenako n'kubwerera pamphasa.

Mayi wa diso limodzi anathamanga ndi khasu. Mudzi wina, anthu ena, koma khasu lomwelo. Ndinamulanda n'kuliponya mumphika wa mchere.

"Mukufuna afe?" anakuwa.

"Musiyeni adzuke yekha!"

Tinadikira. Sanadzuke. Anthu anati ndamupha ndine pokana khasu. Bambo wa anawo anakhulupirira zimenezo, kaya anangotopa. Lole yomweyo itabweranso anakwera pamwamba pa matumba, ndipo sindinamufunse kumene ankapita.

Chimene ndinaphunzira kuchigwa si mchere ayi. Ndinaphunzira kuti malo a zii ndi oipa kuposa onse. Kumene kuli chete, phokoso limalowa ngati mbala.

Ndinagwira Jenala dzanja, tinakwera mtunda. Tawuni ya masitima tinangoidutsa. Mudzi wa agalu ambiri tinakhalamo mvula imodzi, ine ndikuumba njerwa za anthu. Paliponse funso langa loyamba kwa mwini nyumba silinali la madzi kapena chimbudzi. Ndinkati, "Kuno mumaimba chiyani, ndipo amaimba ndani?" Ankandiyang'ana ngati wamisala. Paliponse panalinso windo la chipatala, mzere wa nkhalamba zolandira timapiritsi tofiirira, ndipo ife potifikira, mankhwala a khunyu.

Jenala nayenso anayamba kugwa. M'mudzi wa njerwa uja amayi anzanga anandikakamiza kupita naye kwa mlaliki wina wodziwa za ziwanda. Ndinamuuza mlalikiyo kuti apemphere mmene angathere koma motsitsa mawu. Anavomera. Anayamba bwino ndithu, akunong'ona, dzanja lili pamutu pa mwanayo. Kenako mzimu unamufikira, anakuwa kuti "Tuluka!" ndipo Jenala anagwa pamapazi ake. Mpingo wonse unaomba m'manja kuti chiwanda chatuluka. Ine ndinamufungatira ngati nkhuku, ndikukankha miyendo ya anthu, mpaka anapuma. Mkulu wa mpingo anali atatuma kale munthu kukatenga khasu kumunda wa abusa. Tinachoka lisanafike.

Mvula yotsatira ndinaona chinthu. Mphezi itang'anima ndinamufinya Jenala dzanja ndisanaganize n'komwe, ndikuti, "Likubwera." Bingu linagunda mpaka mbale zinagwedera pathandala. Mwanayo anangophethira. Pamenepo ndinadziwa kuti si kukula kwa phokoso, ndi kudzidzimuka. Phokoso limene walidikira silimugwetsa.

Tinafika pa esiteti ya fodya, kumene chitsulo chinkaimbidwa poyamba ntchito, popuma ndi poweruka. Woimba anali mdala woledzera amene ankaimba akakumbukira. Ndinapita kwa kapitawo.

"Ndipatseni chitsulocho."

"Ndi ntchito ya amuna imeneyo, mayi. Pitani mukasoke fodya."

"Fodya ndisoka. Chitsulo ndiimba pamwamba pake, osandionjezera kanthu."

"Nanga inu mupindulanji?"

"Zimenezo si zanu. Mukufuna anthu azifika nthawi yake kapena mukufuna mdala uja?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mkazi wanga akanakhala ngati inu, bwenzi nditathawa kalekale."

"Wanga anathawa kale. Bweretsani nyundo."

Zaka zimenezo mwini phokoso ndinali ine. Ndinkayang'ana Jenala kaye, iye n'kugwedeza mutu, ndiye ndinkamenya. Ndinaphunzira kumva phokoso lisanabadwe: galu akamakoka mpweya, mbale ikamatsetsereka, mayi akakweza dzanja kukamwa kuti aimbe nthungululu, mwana akakwinya nkhope. "Likubwera." Mawu amenewa ndinawatchula kuposa dzina la Mulungu.

Koma Jenala sanapite kusukulu. Kuukwati sanapite, kumaliro ayi, kumpira ayi. Anzake akamavina chitelele iye ankaonera pazenera, dzanja lake lili m'dzanja langa. Atatha msinkhu anayamba kulichotsa.

"Amayi, mwandisunga ngati dzira. Ine ndine munthu."

"Anthu ali kumanda, awiri. Iwe khala dzira."

Sanandilankhule mpaka fodya anauma.

Esiteti itagulitsidwa, eni ake atsopano anabweretsa sailini yamagetsi yolira yokha. Ndinapita kukakambirana nawo, koma sailini ilibe kapitawo. Tinamanga katundu.

Tawuni yotsatira inali ndi dambo lalikulu kumbuyo kwa sukulu ya madokotala. Achule ankalira osaleka, ndipo phokoso losaleka ndi bwenzi. Tsiku lina ndikuthyola ndiwo m'dambomo ndinapeza bambo wa magalasi, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, akuthamangitsa chule ndi ndowa. Anali wosadziwa ntchito moti chuleyo ankamudikira ayandikire kaye.

"Bambo, mumadya amenewo?"

"Ayi mayi, ndikufuna mazira ake. Achule aja osalala, a zikhadabo zakuda."

"Kagwiridwe kanuko mufa ndi njala. Ndizikugwirirani ine."

Dzina lawo anali a Likongwe. Ndinakhala wogwira achule wawo, ndipo ine ndi Jenala tinkawapititsa kuchipinda chawo chozizira, mmene munali zingwe, timabotolo ndi makina a galasi lowala. Ankatenga dzira la chule, laling'ono ngati njere ya mapira, n'kulibaya ndi kasingano kagalasi, ndipo pagalasi lowalalo pankayenda kamzere kodumphadumpha. Ankakayang'ana mmene ena amayang'anira mpira.

"Mukumvetsera chiyani pamenepo?" ndinafunsa tsiku lina.

"Timakomo," anatero.

Anandifotokozera ngati akufotokozera mwana, ndipo ndinawalola chifukwa kunja kunali dzuwa. Anati thupi lonse ndi timagawo tosaoneka ndi maso, kalikonse kali ndi khungu lake, ndipo pakhungupo pali timakomo. Timakomoto timatseguka ndi kutsekeka kuti mchere ulowe kapena utuluke. Mchere wina ndi wa m'ndiwo uja, wina ndi wa mtundu wa m'phulusa, uja wa m'chidulo. Kulowa ndi kutuluka kwa mcherewo ndi kumene kumayendetsa uthenga m'mitsempha, kuti umve ukaponda moto, ndipo ndi komweko kumene kumagunditsa mtima. Dzira la chule ankaliphunzitsa kupanga timakomo ta munthu, kuti atimvetsere bwino tili patokha.

"Ndiye kakhomo kakamachedwa?" ndinafunsa, ndikukumbukira dengu langa la mchere.

"Zimatengera kali pati. Mu ubongo, munthu akhoza kumagwa khunyu. Mu mtima..."

Anasiyira pomwepo. Mnzawo wa ntchito anali akulowa ndi thireyi ya mabotolo atainyamula mopendekeka, ndipo ine ndinali nditafinya kale dzanja la Jenala n'kunena mawu anga aja. Thireyi inagwa. Onse anadumpha kupatula ife awiri.

"Mwamuuza chiyani?" anafunsa a Likongwe.

Ndinawauza zonse nditaimirira: chitsulo, khasu, hutala, mlaliki. Anavula magalasi. Anamata tizingwe pachifuwa cha Jenala, makina n'kujambula kugunda kwa mtima wake, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha magazi, a iye ndi anga.

"Magazi a mwana wanga mukufuna kupatsa achule?"

"Mwa njira ina, inde."

"Mwaona chiyani pamakinapo?"

"Sindinganene ndisanatsimikize, mayi."

"Ndiye mundipatsa chiyani?"

Anatchula za basi yobwerera ndi chakumwa choziziritsa kukhosi. Ndinaseka mpaka Jenala anachita manyazi.

"Achule ndakugulitsani. Awa sindigulitsa, tisinthana. Inu mutenga magazi, ine nditenga yankho. Mukapeza chimene chikudya ana anga mudzandiuza ine, ndi pakamwa panu, m'Chichewa, musanauze azungu anu."

"Ndalonjeza, mayi."

"Musalonjeze. Ingochitani."

Mvula isanagwe a Likongwe anakwera ndege, magazi athu ali m'kabokosi kozizira. Anati makina ena ali kunja kwa dziko. Chipinda chija anachikhoma. Ndinadikira mvula imeneyo ndi ina, ndikudutsa pakhomopo ndi ndowa yopanda kanthu, mpaka mlonda anayamba kunditchula mayi wa achule. Kenako dambo analikwirira kuti amangepo nyumba, achule anatonthola, ndipo tawuni yopanda achule ake inali ndi mahutala okhaokha.

Tinayendanso. Mudzi wa anyezi, mudzi wa makala, tawuni ina imene sindikumbukira china chake koma chitseko chimodzi chimene chinkamenyeka ndi mphepo. Ndinachigulula ndekha, mwini nyumba n'kutithamangitsa. Potsiriza tinakhala pamsika wa pamphambano, ine ndikugulitsa kaunjika. Kumeneko Jenala anaonana ndi Fulaye, wokhoma ndowa ndi mabeseni.

"Amuna onse a padziko lapansi, iwe wasankha wokhoma malata?"

"Amakhoma tsiku lonse, amayi. Ndi phokoso losaleka. Si inu munandiphunzitsa?"

Fulaye anali munthu wofatsa, wogontha pang'ono khutu limodzi. Ankhoswe ake atabwera ndinawauza zanga: paukwati pasakhale ng'oma, pasakhale nthungululu, ndipo m'nyumba mwawo ndizikhalamo.

"Apongozi ndi mkamwini denga limodzi?" anatero wamkulu wawo. "Zinachitika kuti zimenezo?"

"Zichitika pano."

Tinakokana mpaka tiyi anazizira, n'kugwirizana pa kanyumba ka kuseri. Ukwatiwo anthu anati unali ngati maliro a munthu wosakondedwa. Jenala analira, ndipo sikunali kulira kwa chimwemwe.

Atakhala ndi pakati ndinaona kuti ntchito yanga yafika pothera. Galu ndimamuona, mphezi ndimaiona. Koma khanda limalira mayi ake ali mtulo, pakhutu penipeni, ine ndili kanyumba ka kuseri. Za limenelo ndikanamuchenjeza bwanji? Ndinkayang'ana mimba yake ikukula mmene munthu amayang'anira mitambo kumunda kopanda chisakasa.

Tsiku lina wailesi ya wogulitsa nyama inatchula dzina la a Likongwe. Ati abwerera kumudzi ndi ulemu waukulu. Ati anapeza kakhomo ka mu mtima, ndipo madokotala a mayiko ambiri tsopano akudziwa kupulumutsa mabanja a anthu ogwa mwadzidzidzi. Mabanja a mayiko ambiri. Ndinasiyira mnzanga kaunjika n'kukwera basi.

Chipinda chinali chachikulu tsopano, achule ali m'matanki agalasi, owasamalira atavala zoyera. Mtsikana wa pakhomo anati sindingalowe chifukwa sanandiitane. Ndinamuuza kuti ndili ndi mwana wapakati, n'kumudutsa.

A Likongwe anali atachita imvi. Anandizindikira, ndipo anaimirira msanga moti mpando unagwa. Ine ndinaumva usanagwe.

"Mayi! Tinakufunani. Tinatuma anthu kudambo kuja, anati munasamuka."

"Azungu munawapeza, kutsidya kwa nyanja. Ine ndinali pamsika wa pamphambano. Nenani. M'Chichewa."

Ananena. Mtima ukagunda umayenera kutulutsa mchere wa chidulo uja kuti upume, ukonzekere kugunda kwina. Mwa Jenala timakomo totulutsira n'tofooka, ndiye mtima umachedwa kukonzeka. Munthu akadzidzimuka, thupi limaulamula kuti ugunde msanga usanakonzeke, ndipo m'malo mogunda umangonjenjemera. Magazi safika kumutu, munthu amagwa. Nthawi zina mtima umadzikonza wokha, munthu n'kudzuka. Si khunyu. Sinali khunyu n'kale lomwe.

"Nanga khasu?"

Anayang'ana pansi. "Mtima ukungobwerera kumene, kuudzidzimutsanso..."

"Ndamva. Zachokera kwa yani?"

"Mayi, si mlandu wa munthu. Zimangoyenda m'magazi."

"Sindinafunse za mlandu."

"Kwa inu. Muli nato inunso. Ena amakhala nato mpaka kukalamba osagwa."

Ndiye kuti onong'ona pamaliro aja ananena zoona. Ndinakhala pampando umene anali atangoudzutsa.

"Mankhwala alipo?"

Anatsegula kabati n'kuthira m'dzanja langa timapiritsi tofiirira.

Ndinatidziwa. Ndinatiyang'ana, ndipo ndinaona nsonga ya chitenje ikulendewera pamwamba pa nkhope ya Msatero pamene agogo ake anawerama ndi khasu. Ndinaona mawindo onse amene ndinaimapo, nkhalamba patsogolo panga zikumanga mfundo zawo, ine ndikudandaula kuti mzere sukuyenda.

"Awa ndi a nkhalamba. A kuthamanga kwa magazi."

"Omwewo. Amaletsa mtima kumvera kwambiri kudzidzimuka. Kakhomo sakakonza, koma amateteza."

"Tsiku lija munamata zingwe, munkadziwa?"

"Ndinkaganizira. Koma ine sindine dokotala wochiza, ndipo ndinalibe umboni. Ndinkafuna kutsimikiza kaye."

"Mwatsimikiza?"

"Inde."

"Chabwino. Thirani ena."

Anathira. Anandiuza kuti miyezi ya pambuyo pobereka ndiyo yoopsa kwambiri, Jenala asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo mankhwala ena, ngakhale ena a malungo, asamwe asanafunse. Anati inunso muzimwa, mayi. Potuluka anapempha kuti tijambulitse limodzi, ati popanda ine ntchito yawo sikanafika pamene yafika. Ndinawauza kuti ajambule achule.

Pawindo la chipatala cha pamphambano mankhwalawo ankapezeka mwezi uno, mwezi wamawa ati atha, mubwerenso. Ndiye anga sindinkamwa. Ndinkawamanga pa nsonga ya chitenje, ngati apongozi anga aja, kusungira Jenala masiku a atha. Ine ndinali nditakalamba osagwa, ndinaona kuti thupi langa linazolowera kale.

Jenala anachira, mwana wamkazi. Ndinasamutsa mphasa yanga n'kuiyala pakhomo pawo, mpaka mkamwini ankatulukira pazenera chifukwa cha manyazi.

"Amayi, ndikumwa mankhwala," anatero Jenala. "Pitani mukapume."

"Kapiritsi sikaona galu."

"Nanga inu mudzaona agalu mpaka liti?"

Kapiritsi kakang'ono ngati njere ya mphodza, kandilande ntchito ya moyo wanga wonse? Sindinkakakhulupirira. Ndinali ndisanakaone kakugwira ntchito.

Masana ena otentha Jenala ankawodzera pakhonde, khanda lili pachifuwa. Ine ndinali pakati pa bwalo ndikuanika matewera. Maso anga onse anali pa mwanayo, amene anayamba kukwinya nkhope, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu anga. Mbuzi imene inali kumbuyo kwanga, ikudzikanda pa mulu wa mabeseni ndi ndowa umene Fulaye anasanja kuti apite nawo kumsika, sindinaione.

Linali phokoso la malata onse a padziko. Ndinaona Jenala akudumpha kuchoka mtulo, atatong'ola maso, khanda likulira. Ndinadikira kuti agwe. Sanagwe. Anatukwana mbuziyo ndi mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Ndinafuna kuseka, koma m'chifuwa mwanga munali ngati mwalowa mbalame, ndipo nthaka inabwera kudzandipeza.

Kumene ndinapita kunali msewu uja wa fumbi. Msatero ndi Enifa anali patsogolo, osakula, osacheuka. Kunali zii, ndipo kwa nthawi yoyamba zii sanandiopse. Ndinkafuna kuwauza kuti timapiritsi tinali pa nsonga ya chitenje cha agogo awo, pafupi choncho, koma ankayenda msanga ndipo ine mawu sankatuluka.

Ndinatsegula maso. Pamwamba panga panali nkhope za aneba, ndi mayi wina wonenepa atagwira khasu logulula ndi mwala. Khasu lomwelo. Jenala anali atamugwira pamkono ndi dzanja limodzi, khanda lili kudzanja linalo.

"Mukaliimba ndikuswani nalo mutu," ankatero, motsitsa mawu.

"Koma mwana iwe, ndi mmene timachitira."

"Ikani pansi. Pang'onopang'ono."

Analiika pafumbi ngati dzira.

Jenala anagwada pambali panga. Anaona mfundo ya pachitenje changa, anaimasula, timapiritsi n'kumwazikira m'dzanja lake. Anandiyang'ana mmene ine ndinkayang'anira ogula mchere.

"Awa ndi a yani?"

"Ndi a masiku a atha."

"Tsegulani pakamwa."

"Iwe, usandilamule ngati..."

"Tsegulani."

Kapiritsiko kanali kowawa. Kanthu kakang'ono chotero, ana awiri. Ndinakameza popanda madzi, n'kutseka maso chifukwa cha dzuwa. Aneba anali chete, Fulaye ataima patali ndi beseni limodzi m'manja, akuopa kuliika pansi. Ndipo ndinamva dzanja likufinya langa, mwamphamvu, mmene ndinkafinyira ine.

"Likubwera, amayi," anatero Jenala.

Khandalo linalira.